Kuphunzitsa Achinyamata Kuona, Kukambirana ndi Kumasulira Zaluso: Kabuku ka Makolo ndi Olera Ana

Mawu oyamba

Kabuku aka n'ka makolo, agogo, azakhali, amalume ndi aliyense amene akulera mnyamata kapena mtsikana wa zaka 13 mpaka 19. Kakufotokoza mmene mungamuthandizire mwana kuyang'anitsitsa chinthu chopangidwa mwaluso, kunena zimene akuona, kenako kupereka tanthauzo lake ali ndi umboni m'manja.

Ntchito imeneyi sifuna kuti mukhale mmisiri kapena mphunzitsi, ndiponso sifuna ndalama. Zipangizo zili kale pakhomo panu: lichero, chitenje, mtsuko, kalendala, ndalama ya pepala. Chofunika n'chakuti muzidziwa kufunsa ndiponso muzitha kuugwira mtima osafulumira kupereka yankho. Mwana amene mwamuuza tanthauzo asanayang'ane amaloweza mawu anu basi. Amene mwamufunsa kuti "waona chiyani?" amaphunzira kuona yekha.

1. Phindu lake n'chiyani?

Ana a masiku ano amaona zithunzi zambiri pa tsiku limodzi: pafoni, pa TV, pa zikwangwani za malonda, pa zitenje za misonkhano, pa makoma a magolosale. Zambiri mwa izo anazikonza anthu ofuna kuti mwanayo agule kanthu, akhulupirire nkhani kapena asirire moyo wina. Mwana amene sanazolowere kufunsa kuti chithunzi anachipanga ndani ndipo akufuna chiyani amangomeza chilichonse.

Kuyang'ana mothamanga si vuto la ana okha. Mu 2001, ofufuza awiri, Jeffrey Smith ndi Lisa Smith, anawerengera nthawi imene alendo ankaima pamaso pa zojambula zotchuka ku Metropolitan Museum of Art mumzinda wa New York. Anapeza kuti munthu ankaima pafupifupi masekondi 27 okha. Ku yunivesite ya Harvard, mphunzitsi wa mbiri ya zaluso, Jennifer Roberts, amauza ophunzira ake kuti akhale maola atatu akuyang'ana chojambula chimodzi asanalembe za icho. Akuluakulu athu ananena kale: kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwana akazolowera kuyang'ana modekha amapindula m'njira izi:

- Amasiyanitsa zimene waona ndi zimene akungoganiza.
- Amaphunzira kutsutsa mnzake popanda kukangana, chifukwa onse akuloza chinthu chimodzi.
- Amapeza mawu ofotokozera, ndipo chimangirizo chake kusukulu chimakhala ndi nyama.
- Amayamba kulemekeza ntchito ya manja ya anthu a kwawo.

Kupulayimale ana amaphunzira Expressive Arts, koma mphunzitsi mmodzi wokhala ndi kalasi yodzaza sangamve maganizo a mwana aliyense. Pakhomo mpata umenewu ulipo.

2. Zaluso tizipeze kuti?

Yambani ndi zimene mwana angazigwire ndi kuzitembenuza.

M'nyumba muli lichero ndi dengu za nsungwi, mphasa ya bango, mkeka wa mlaza, mphika ndi mtsuko za dothi, mtondo, chipande, zitenje, nsalu zoluka za patebulo ndi zithunzi za banja zakale.

Pamudzi pali makoma amene amayi amawazira n'kuwakongoletsa ndi katondo, makande, phulusa kapena makala. Palinso galimoto za mawaya zimene ana amapanga, ng'oma, ndi nkhokwe yolukidwa bwino.

Pamsika ndi m'tauni pali zojambula pa makoma a malo ometera tsitsi ndi a butchala, zolemba pa minibasi, ziboliboli ndi mipando yosema yogulitsidwa m'mbali mwa msewu, komanso makatuni a m'nyuzipepala.

M'thumba muli ndalama ya pepala, ndipo pa sukulu zambiri pali mbendera.

Osankha akhale mwana nthawi zina. Akabweretsa chithunzi cha woimba amene amamukonda kapena chikuto cha nyimbo, chilandireni. Njira yoyang'anira ndi imodzimodzi.

3. Masitepe anayi

Ndondomeko iyi inatchuka kudzera mwa Edmund Feldman, mphunzitsi wa zaluso wa ku America, cha m'ma 1970. Mphamvu yake ili pa kutsatana kwa masitepe. Ambirife timayambira pa sitepe yomaliza, kunena kuti "n'chokongola" kapena "n'chonyasa", ndipo nkhani imathera pomwepo.

*Sitepe yoyamba: Tchula zimene ukuona.* Khalani chete mphindi ziwiri nonse mukuyang'ana. Kenako mwana atchule zinthu khumi zimene akuona, zoti wina aliyense angaziloze ndi chala. "Pali mayi wovala duku lofiira" ndi kuona. "Mayiyu wakwiya" ndi kumasulira, ndipo kudikire kaye. Zinthu zisanu zoyamba zimabwera msanga. Phunziro lenileni lili pa zisanu zotsalazo.

*Sitepe yachiwiri: Chakonzedwa bwanji?* Apa mukuyang'ana ntchito ya mmisiri. Diso likuyamba kugwera pati, ndipo n'chiyani chalikokera pamenepo? Chachikulu n'chiti, chaching'ono n'chiti? Ndi mitundu iti imene yachuluka? Mizere ndi yowongoka kapena yokhotakhota? Chikubwerezedwa n'chiyani? Kuwala kukuchokera mbali iti? Anagwiritsa ntchito chiyani: dothi, mtengo, penti, ulusi?

*Sitepe yachitatu: Chikunena chiyani?* Tsopano mwana anene maganizo ake, koma ganizo lililonse libwere ndi umboni wochokera pa chinthucho. Matanthauzo awiri osiyana angathe kukhala omveka onse ngati aliyense ali ndi poloza. Tanthauzo lopanda poloza ndilo lofooka, ngakhale atalinena ndi bambo.

*Sitepe yachinayi: Chagwira ntchito yake?* Pano mpamene mwana anganene ngati wachikonda kapena ayi, ndi chifukwa chake. Muthandizeni kusiyanitsa "sindikuchikonda" ndi "sanachipange bwino". Munthu angathe kuvomereza kuti chiboliboli anachisema mwaluso koma osafuna kuchiika m'nyumba mwake.

4. Mafunso atatu oyendetsera zokambirana

Abigail Housen pamodzi ndi Philip Yenawine, yemwe ankayang'anira maphunziro ku Museum of Modern Art ku New York, anakonza njira yotchedwa Visual Thinking Strategies. Wotsogolera saphunzitsa, amangofunsa mafunso ochepa mobwerezabwereza. Pakhomo mungawafunse chonchi:

1. Chikuchitika n'chiyani apa?
2. Waona chiyani kuti unene choncho?
3. Pali chinanso chimene tingapeze?

Funso lachiwiri ndilo msana wa zonse. Lifunseni mofatsa, chifukwa mwana akalimva ngati mlandu amatseka pakamwa. Akayankha, bwerezani yankho lakelo m'mawu anu kuti adziwe kuti mwamumva: "Ukuti munthuyu akuthawa chifukwa mwendo umodzi uli m'mwamba." Musanene kuti "wakhoza" kapena "walakwa". Mukatero ana amayamba kusaka yankho limene lili m'mutu mwanu m'malo moyang'ana chinthucho.

Mbiri ya chinthucho, monga wopanga ndi chaka, muipereke pakati pa zokambirana, pamene mwana wafika poifuna. Mukaipereka poyamba imatseka maso ake.

5. Zitsanzo zinayi

*Lichero*

Litengeni lichero lakale, mulitembenuze chafufumimba padzuwa. Mwana atsate kansungwi kamodzi ndi chala kuchokera mbali ina kufika mbali inayo. Kakudumpha tinzake tingati kasanalowe pansi? Kotsatira kakuyambira pomwepo kapena kasuntha pang'ono? Kusuntha kumeneko ndiko kumabala mizere yopendekera imene imaoneka ukaliyang'anira patali. Aone ngati woluka anasakaniza mbali yosalala ya khungu la nsungwi ndi mbali yam'kati yotuwa. Aone m'mphepete, pamene cholukacho anachipana pakati pa nsungwi zopindidwa n'kusoka: kusokako n'kotalikirana mofanana? Kenako alitembenuze, aone pamene payera ndi ufa, pamene pada ndi manja, pamene panathyoka n'kukonzedwa.

Mufunseni: kodi pali china pa licheroli chimene woluka anachiika chifukwa cha kukongola kokha? Nanga mawanga a manjawo akutiuza chiyani za mmene mwini wake amaligwirira popeta? Ngati pamudzi pali woluka, mwana apite akamufunse mwaulemu mmene amasankhira nsungwi ndi pamene amayambira kuluka.

*Ndalama ya K200*

Ndalama imadutsa m'manja tsiku ndi tsiku koma ndi ochepa amene anaiyang'anitsitsapo. Mwana aione mphindi imodzi, muibise, atchule zimene akukumbukira. Kenako aionenso ndi kuwerenga zimene anaziphonya. Kumaso kwake kuli Rose Chibambo, amene anatsogolera amayi pomenyera ufulu wa dziko lino, ndipo kuseri kuli nyumba ya malamulo ya ku Lilongwe. Pa K500 ndi K2000 pali John Chilembwe, pa K1000 ndi K5000 pali Hastings Kamuzu Banda, pa K100 pali James Sangala. Funsani: pa nkhope zonsezi, za amayi ndi zingati? N'chifukwa chiyani mayiyu anamuphatikiza ndi nyumba ya malamulo? Iwe utapatsidwa mwayi wosankha, ungaikepo ndani, ndipo kuseri ungajambule chiyani?

*Mbendera*

Mbendera imene inakwezedwa pa 6 July 1964 ili ndi mizere itatu, wakuda pamwamba, wofiira pakati, wobiriwira pansi, ndi dzuwa lofiira lotuluka lokhala ndi cheza 31. Mu 2010 boma la Bingu wa Mutharika linaisintha: wofiira unapita pamwamba, wakuda pakati, ndipo dzuwa linakhala loyera, lathunthu, pakatikati. Mu 2012, Joyce Banda ali mtsogoleri, nyumba ya malamulo inabwezeretsa yakale ija. Mwana ajambule zonse ziwiri papepala. Dzuwa lotuluka likunena chiyani za dziko, nanga lathunthu likunena chiyani? N'chifukwa chiyani anthu anatsutsana kwambiri pa nkhani ya kachidutswa ka dzuwa? Chitsanzo ichi chimamuonetsa mwana kuti kusintha pang'ono pa chojambula kumasintha uthenga wonse. Samalani kuti zokambirana zikhale pa chojambulacho, zisasanduke mkangano wa zipani.

*Chiboliboli cha Chilembwe ku London*

Mu September 2022, pa bwalo la Trafalgar Square ku London anaimikapo ntchito ya Samson Kambalu, Mmalawi wobadwa mu 1975 amene amaphunzitsa zaluso ku yunivesite ya Oxford. Dzina la ntchitoyo ndi Antelope. Chithunzi chake chimapezeka pa intaneti mosavuta. Zokambirana zingayende chonchi:

Bambo: Tayang'ana kaye, usanene kanthu. Tsopano, ukuona chiyani?

Mwana: Pali amuna awiri ovala majekete. Wina ndi wamtali kwambiri, winayo ndi wamng'ono.

Bambo: Wamtali bwanji?

Mwana: Ngati kawiri mnzakeyo. Mwina ndi bambo ndi mwana wake.

Bambo: Ukuti bambo ndi mwana chifukwa cha msinkhu. Waonanso chiyani chogwirizana ndi zimenezo?

Mwana: Ayi, dikirani bambo. Wamng'onoyu si mwana. Thupi lake ndi zovala zake n'za munthu wamkulu. Ndiye kuti wopangayo anachita dala kumukuza winayu.

Bambo: Akanachitiranji dala?

Mwana: Kuti tiyambe kuona iyeyo. Kapena kuti ndi wofunika kuposa mnzake.

Bambo: Pali chinanso pa wamtaliyu?

Mwana: Wavala chipewa. Koma chipewa n'chipewa basi.

Apa mpamene bambo angapereke mbiri. Wamtaliyo ndi M'busa John Chilembwe wa Providence Industrial Mission ku Chiradzulu, ndipo winayo ndi mmishonale wachizungu, John Chorley. Kambalu anatengera chithunzi cha mu 1914. Masiku amenewo Mwafirika ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu, koma pa chithunzicho Chilembwe ali chivalire chake. Mu January 1915 anatsogolera kuukira boma la atsamunda, kenako anaphedwa. Mukatha kunena zimenezi, bwererani ku chithunzi mufunse: nanga tsopano chipewa chija chikunena chiyani? Nanga kuimika munthu ameneyu pakati pa London kukutanthauza chiyani?

Taonani kuti bambo sanamudzudzule mwana pamene anati ndi bambo ndi mwana wake. Anangomubwezera ku chithunzi, ndipo mwanayo anadzikonza yekha.

Atsikana ndi anyamata omwe aonenso ntchito za Billie Zangewa, wobadwira ku Blantyre mu 1973 ndipo amakhala ku Johannesburg. Iye amadula tizidutswa ta nsalu ya silika n'kutisoka pamanja kupanga zithunzi za moyo wa pakhomo, monga mayi ali m'khitchini kapena ali ndi mwana wake. Funso labwino pamenepa ndi ili: n'chifukwa chiyani anasankha singano ndi ulusi m'malo mwa penti?

6. Malo oti mukaone

Ngati mungathe, kamodzi pachaka pitani ndi ana kukaona zaluso kumene zili. Mabanja angapo, gulu la achinyamata la kumpingo kapena kumzikiti, kapena kalabu ya kusukulu angasonkherane ya mayendedwe.

*Chongoni, Dedza.* M'mapiri a Chongoni muli malo 127 okhala ndi zojambula pa miyala, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Odziwika kwambiri ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zojambula zofiira, zimene zambiri ndi mizere ndi zozungulira, ndi zakale kwambiri ndipo anajambula ndi Akafula, alenje amene ankakhala kuno kalelo. Zoyera anajambula ndi Achewa ndi dothi loyera, ndipo zimakhudza chinamwali cha atsikana, kupempha mvula, maliro ndi Nyau. Zina anazijambula m'zaka za m'ma 1900 momwe. Ana afufuze pamene choyera chakwera pa chofiira, anene chimene chinayamba ndi umboni wake. Aonenso makulidwe a mizere, aganize ngati wojambula anagwiritsa ntchito chala kapena kamtengo. Pitani ndi wolondolera wa m'deralo. Osakhudza, osathira madzi kuti zioneke bwino, osalemba dzina pamwala, osakoleza moto m'phanga. Malo amenewa ndi otetezedwa ndi lamulo.

*Kungoni, Mua.* Pa mishoni ya Mua, imene inayamba mu 1902, Bambo Claude Boucher a ku Canada anakhazikitsa Kungoni Centre of Culture and Art mu 1976. Kumeneko kuli amisiri osema, komanso Chamare Museum yofotokoza chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Ana akaone mmene amisiri anasemera nkhani za m'Baibulo ndi nkhope ndi zovala za kuno kwathu, akambirane chifukwa chake.

*Dedza Pottery.* Inayamba mu 1987. Ndi malo abwino oyerekezera mbale yowotchedwa mu uvuni ndi mphika woumbidwa kumudzi.

*Blantyre.* Kuli Museum of Malawi ku Chichiri, ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi M'busa David Clement Scott, amene sanaphunzirepo za mapulani a nyumba. Njerwa zake anaumba pomwepo m'maonekedwe osiyanasiyana. Ana azungulire panja awerenge mitundu ya njerwa imene angaipeze, ayerekezenso nsanja ziwiri za kumaso ngati zikufanana.

Kulikonse kumene mwapita, musafune kuona zonse. Mwana aliyense asankhe chinthu chimodzi, akhale nacho mphindi khumi, achijambule ndi pensulo m'kope, kenako akachifotokoze kwa anzake. Funsani chilolezo musanatole chithunzi ndi foni.

7. Zaluso zokhudza miyambo ndi chipembedzo

Gule Wamkulu analengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo amavinidwa ndi Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Koma kwa eni ake si chionetsero chabe. Pali zimene zimaonekera pabwalo, pali zimene ndi za kudambwe. Chimodzimodzi zojambula za chinamwali: tanthauzo lake lonse ndi la anamkungwi ndi anamwali. Phunzitsani ana kuti angathe kufotokoza zimene aona pabwalo, monga mtundu, kavinidwe ndi mmene anthu akuchitira, koma asaumirize munthu kuulula zimene mwambo sumulola kunena.

Mabanja amasiyana pa nkhani zimenezi, ndipo inu makolo ndinu odziwa malire a pakhomo panu. Chimene mwana aliyense ayenera kudziwa n'chakuti kuyang'ana chinthu ndi kuchimvetsa sikutanthauza kuchipembedza, ndipo kusagwirizana nacho sikupereka ufulu wochinyoza. Lamulo lomweli ligwire ntchito pa ziboliboli za m'tchalitchi ndi zolemba zokongoletsa za mumzikiti.

8. Zithunzi za pafoni

Luso limene mwana waphunzira pa lichero ndi pa mbendera alitengere ku Facebook, WhatsApp ndi TikTok. Masiku ano kompyuta imatha kupanga chithunzi cha chinthu chimene sichinachitike n'komwe, ndipo chithunzi chakale chimatha kufalitsidwa ngati cha dzulo. Pa chithunzi chilichonse chodabwitsa, mwana adzifunse:

- Anachipanga kapena kuchitola ndani, ndipo liti?
- Akufuna kuti ndimve bwanji, ndichite chiyani?
- Chadulidwa n'chiyani m'mbali?
- Mithunzi ikulowera mbali imodzi? Zala, makutu ndi zilembo zili bwinobwino?
- Zikwangwani, nambala za galimoto ndi zovala zikugwirizana ndi malo amene akunenedwa?

Tengani chithunzi chimodzi cha malonda, monga cha mafuta odzola kapena cha mpikisano wa ndalama, muchidutsitse m'masitepe anayi aja. Mwana akazindikira yekha chifukwa chake anthu onse pa chithunzicho akumwetulira ndipo palibe woluza, sadzachionanso ngati kale.

9. Mavuto amene mungakumane nawo

*Mwana akungoti "kaya" kapena "sindikudziwa".* Chepetsani funso. M'malo mofunsa tanthauzo, muuzeni atchule mitundu itatu kapena aloze chinthu chaching'ono kuposa zonse. Mukafunsa, werengani chamumtima mpaka khumi musanalankhulenso.

*Akuopa kutsutsa akuluakulu.* Nenani poyera kuti pa nthawi imeneyi kusiyana maganizo ndi bambo kapena mayi si mwano, bola zinenedwe mwaulemu ndi umboni. Inu muzilankhula pomaliza.

*Mmodzi akulankhula yekha.* Aliyense alembe kaye zinthu zitatu papepala, kenako muyambire wamng'ono kapena wamanyazi. Atsikana apatsidwe mpata wofanana ndi anyamata, ndipo nthawi yake isakhale imene iwo ali kumoto.

*Akungoseka ndi kunyoza.* Musakwiye. Funsani chimene chamuseketsa ndipo aloze. Nthawi zambiri kuseka kumakhala kuti waona chinthu chachilendo chimene alibe mawu ochitchulira.

*Wafunsa funso limene simukudziwa yankho lake.* Alilembe m'kope, mukafunse limodzi kwa agogo, kwa mmisiri kapena kwa aphunzitsi. Safunsa anadya phula.

*Akuti n'zotayitsa nthawi chifukwa sizibwera pa mayeso.* Muonetseni kuti kupereka mfundo ndi umboni wake ndiko kumafunika poyankha mafunso a zolembedwa, mbiri yakale ndi sayansi. Muuzeninso kuti telala, kalipentala, womanga nyumba ndi namwino onse amadya ndi diso lakuthwa.

10. Ndondomeko ya masabata asanu ndi limodzi

Mphindi 20 mpaka 30 kamodzi pa sabata n'zokwanira. Sankhani nthawi ya masana kuti kuwala kukhale kokwanira. Mwana akhale ndi kope lakelake ndi pensulo.

Sabata 1: Chiwiya cha pakhomo. Sitepe yoyamba yokha, kutchula zinthu khumi.

Sabata 2: Zitenje ziwiri. Kuyerekeza mitundu, mizere ndi zobwerezedwa. Mwana apeze pamene chojambula chikuyambiranso.

Sabata 3: Ndalama ya pepala kapena mbendera. Masitepe atatu oyamba.

Sabata 4: Chithunzi cha banja chakale. Ndani waima, ndani wakhala, ndani ali pakati, ndani palibe? Agogo alankhule pomaliza.

Sabata 5: Kucheza ndi mmisiri wa m'dera lanu, woumba, woluka, wosema kapena wolemba zikwangwani. Mwana akonzeretu mafunso asanu. Pitani ndi kangachepe kothokozera, kapena mugule kanthu.

Sabata 6: Mwana asankhe chinthu yekha ndipo atsogolere zokambirana. Inu muyankhe mafunso ake.

Mudzadziwa kuti zikuyenda mukayamba kumva mawu ngati "ndikutero chifukwa", "poyamba ndimaganiza kuti" ndi "mwinanso". Chizindikiro china ndi pamene mwana akukuimitsani panjira kuti muone chojambula chimene inu munachidutsa.

Mawu otsiriza

Makolo ndi olera ana, musadikire ulendo wa ku Mua kapena ku Chongoni kuti muyambe. Sabata ino tengani chinthu chimodzi cha pakhomo, muitane ana, mukhale chete mphindi ziwiri, kenako mufunse chimene akuona. Yankho lililonse mulitsatize ndi funso lakuti "waona chiyani kuti unene choncho?" Mukamaliza masabata asanu ndi limodzi aja, kabukuka mukabwereke banja loyandikana nalo kuti nawonso ayambe.